Thanki ya nsomba za m'madzi amchere: mtengo wake weniweni suli pa lisiti

Makalata a sabata ino akumana pa nkhani imodzi, ya mathanki agalasi owetera nsomba zokongoletsa. Ena akufuna kukometsa malo awo a bizinesi, ena akufuna kuti nsombazo ziwadyetse. Mafunsowo ndawafupikitsa.

"Ndili ndi malo ogona alendo ndipo ndikufuna kuika thanki ya nsomba pofikira alendo. Mtima wanga uli pa nsomba za m'nyanja zamchere, zamawangamawanga zija zosambira pakati pa makorali. Wogulitsa akuti kusiyana kwake ndi thanki wamba ndi mchere basi. Mlamu wanga akuti ndikufuna kutaya ndalama m'madzi. Akunena zoona ndani?"

Bambo, wogulitsayo sananame, koma wakuuzani theka la nkhani, ndipo theka limene wasiyalo ndi limene limadya ndalama. Thanki iliyonse ili ndi mabilu atatu: yogulira zipangizo, ya mwezi ndi mwezi, ndi ya tsiku limene zinthu zalakwika. Wogulitsa amakuonetsani yoyamba yokha. Pa thanki ya madzi amchere ziwiri zinazo ndiye zazikulu.

Tiyambe ndi chifukwa chake, poti mukachimvetsa zina zonse zidzilongosola zokha. Madzi a m'nyanja zikuluzikulu ali ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35 pa lita iliyonse, ndipo chifukwa cha kukula kwa nyanjazo, mlingo wa mchere ndi kutentha kwa madzi pamene pali makorali, zamoyo zooneka ngati maluwa kapena miyala zija, sizisintha msanga. Zamoyo za kumeneko sizinazolowere kudzidzimutsidwa. Nsomba zambiri za m'mitsinje ndi m'madambo zimakhala m'madzi amene amasefukira mvula ikagwa, n'kuphwa dzuwa likakula, lero oyera mawa amatope. Zimenezi zimapirira mwini wake akalakwitsa. Ntchito yonse ya thanki yamchere ndi kusunga madzi kuti lero akhale mmene analili dzulo, m'bokosi laling'ono limene chilichonse chimasintha mofulumira.

Taonani za nthunzi. Madzi amauluka tsiku ndi tsiku, koma mchere umatsala. Tiyerekeze thanki yanu ndi ya malita 200 ndipo ikutaya malita awiri patsiku. Mukachoka sabata yathunthu popanda wothiramo madzi, apita malita 14, mchere wakwera kuchoka pa magalamu 35 kufika pafupifupi 37.6 pa lita. Wantchito wanu poona madzi atsika, mwachifundo chake, asungunula mchere n'kuthiramo, osadziwa kuti obwezera amayenera kukhala opanda mchere. Mlingo wakweranso. Kapena athira malita 14 onsewo nthawi imodzi, mlingo n'kugwa m'mphindi zochepa. M'thanki ya madzi opanda mchere zimenezi si nkhani, mumangodzaza n'kupita kukagwira ntchito zina.

Mcherewo si wakukhitchini. Ndi wopangidwira ntchito imeneyi, wosakaniza ndi calcium, magnesium ndi zina zimene zimapezeka m'nyanja. Kudzaza thanki ya malita 200 koyamba kumafuna makilogalamu 7 kapena kuposerapo pang'ono. Kenako mumayenera kumachotsa gawo la madzi n'kubwezera atsopano. Mukamasintha 10 peresenti pa masabata awiri alionse, ndiye malita 20 ndi mchere magalamu 700 ulendo uliwonse, pachaka makilogalamu pafupifupi 18. Funsani mtengo wa chidebe chimodzi cha mchere umenewu kumene inu mumagula, muwerengere nokha. Madzi a pampopi nawonso sakwanira. Wa thanki wamba amangodonthezamo mankhwala ochotsa klorini. Wa makorali amasefa madzi ndi makina a RO (reverse osmosis), amene amachotsa pafupifupi zonse zosungunuka m'madzi, chifukwa phosphate ndi nitrate wotsalira m'madzi a pampopi amameretsa ndere, ndipo kopa (mkuwa) ngakhale wochepa amapha makorali. Makina ang'onoang'ono a RO amataya malita atatu kapena anayi pa lita imodzi yoyera imene atulutsa, ndipo masefa ake amatha. Zonsezi zimalowa pa bilu ya madzi.

Kenako magetsi. Thanki wamba imayenda ndi sefa, nyale yaing'ono, mwina ndi hita. Yamchere imafuna mapampu oyendetsa madzi usana ndi usiku, protein skimmer yomwe imachotsa zonyansa pozisandutsa thovu, ndipo ngati muli makorali, nyale zamphamvu. Musadalire zongomva. Pa chipangizo chilichonse pamalembedwa mawati ake. Chulukitsani mawatiwo ndi maola amene chimayaka, mugawe ndi 1000, mupeza mayunitsi. Pampu ya mawati 30 yoyaka maola 24 imadya mayunitsi 0.72 patsiku, pamwezi kupitirira 21. Imeneyo ndi pampu imodzi, pomwe thanki yabwino imakhala ndi angapo. Lembani zonse papepala musanapereke ndalama.

Dziwaninso kuti mathanki amchere ali mitundu iwiri, ndipo wogulitsa akamati "si zovuta" nthawi zambiri amanena za woyamba. Ya nsomba zokhazokha ndi miyala, munthu wakhama angaikwanitse. Ya makorali ndi nkhani ina. Makorali ndi nyama, ngakhale amaoneka ngati maluwa kapena miyala. M'thupi mwawo mumakhala ndere zazing'ono kwambiri zimene zimawapangira chakudya pogwiritsa ntchito kuwala, n'chifukwa chake nyale yofooka imawapha pang'onopang'ono. Olimba aja amamanga mafupa awo potenga calcium m'madzi, ndiye mwini thanki amayeza n'kumabwezera kuti calcium akhale pakati pa 400 ndi 450 ppm (mamiligalamu pa lita), pH (muyezo wa asidi m'madzi) pakati pa 8.1 ndi 8.4, kutentha pakati pa madigiri 24 ndi 27. Zoyezera zake ndi timabotolo ta mankhwala timene timatha, tina timaonongeka tikakhalitsa. Thanki imene anthu amaiona pa kanema ija, ya makorali ogwedera ndi madzi, ndi ya mtundu wachiwiriwu.

Palinso kudikira. Thanki yatsopano, kaya yamchere kaya ayi, siilandira nsomba zambiri tsiku loyamba. Zitosi za nsomba ndi zotsala za chakudya zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni. Pamafunika mabakiteriya amene amasintha amoniya kukhala nitrite, ena n'kusintha nitrite kukhala nitrate amene sapweteka kwambiri. Kuti mabakiteriyawa achuluke pamatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. M'madzi amchere, chifukwa pH ndi yokwera, amoniya amaluma kwambiri kuposa m'madzi ambiri opanda mchere. Kwa inu wabizinesi zikutanthauza kuti pofikira alendo padzakhala thanki ya miyala yokhayokha kupitirira mwezi, alendo akufunsa kuti nsomba zili kuti. Ambiri amagonja apa, n'kuthiramo nsomba khumi nthawi imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wosadekha pa thanki yamchere amagula nsomba kawiri.

Tsopano bilu yachitatu, imene mlamu wanu akuiopa. Madzi amchere amasunga mpweya wa okosijeni wochepa poyerekeza ndi opanda mchere otentha mofanana, kusiyana kwake pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Magetsi akathima mapampu n'kuima, nsomba zimayamba kupuma mwawefuwefu pakangopita maola ochepa. Choncho batire, inivita kapena jenereta ndi gawo la mtengo wa thankiyo, musaziike pa mndandanda wa "tidzagula m'tsogolo". Matenda nawo ali ndi msampha wake. Nsomba ikatuluka timadontho toyera pathupi, mankhwala odziwika ndi a kopa, koma kopayo amapha makorali, nkhono ndi shrimp. Simungathire m'thanki yaikuluyo. Muyenera kukhala ndi thanki yachiwiri, kuvuula nsomba zonse pakati pa miyala, kuzipatsa mankhwala kumeneko, yaikuluyo n'kukhala yopanda nsomba kwa miyezi iwiri kapena kuposerapo kuti tizilomboto tife ndi njala. Onjezani pamenepo mchere umene umadumpha ndi timadontho n'kuuma pa mawaya, pa soketi ndi pa miyendo yachitsulo, n'kubweretsa dzimbiri. Ndi zazing'ono, koma malo a alendo safuna soketi yonyowa ndi mchere.

Langizo langa ndi ili. Dzifunseni kuti amene adzayeze madzi mukadwala kapena mukapita paulendo ndani, ndipo ngati zonse za m'thankimo zitafa usiku umodzi, mungazibwezere osakhudza mpamba woyendetsera malo ogonawo? Ngati limodzi mwa mayankhowa likukayikitsa, ikani thanki yaikulu ya madzi opanda mchere. Ngati chimene mukufuna ndi mitundu yowala, mbuna za m'nyanja ya Malawi, zimene oweta nsomba zokongoletsa ku Ulaya, ku America ndi ku Asia amaziswetsa m'mathanki, zili ndi buluu ndi yelo wofanana kwambiri ndi wa nsomba za m'makorali. Ndi zandewu, zimafuna miyala yambiri yobisalamo, koma sizifuna mchere wogula kapena skimmer. Musangoganiza kuti za madzi opanda mchere zonse n'zosavuta. Nsomba ya discus ya ku Amazon imafuna madzi ofunda kufika madigiri 28 mpaka 30 ndi kusinthidwa pafupipafupi, ndipo ingakuvutitseni kuposa clownfish, nsomba ya m'madzi amchere. Mlendo wotopa amene akudikira kiyi wa chipinda amaona madzi oyera ndi nsomba zathanzi. Ochepa okha ndi amene angafunse ngati muli mchere.

"Ndimaweta maguppy ndi mamolly, tinsomba ta m'madzi opanda mchere, n'kumagulitsa, ndipo zikuyendako. Ndaona kuti nsomba imodzi ya m'madzi amchere imagulitsidwa mtengo wa maguppy ambirimbiri. Ndikuganiza zotenga ngongole kuti ndiyambe kuitanitsa zimenezi. Ndichite?"

Amayi, ngongole ayi. Mwayang'ana mtengo wogulitsira, simunayang'ane kuti katunduyo akuchokera kuti komanso kuti angafike angati amoyo.

Bizinesi imene muli nayo panopa ili ndi mwayi umene mwina simuuwerengera: katundu wanu amadzichulukitsa yekha. Guppy yaikazi imabereka ana amoyo pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo anawo amayamba kudya chakudya chopera tsiku lomwelo. Ikafa imodzi mwataya zochepa, m'mbuyo muli ena akukula. Nsomba zambiri zokongoletsa za m'madzi opanda mchere zimaswetsedwa m'mafamu motere. Za m'madzi amchere zambiri zimagwidwabe m'nyanja, makamaka ku Indonesia ndi ku Philippines, n'kudutsa m'manja mwa anthu angapo, kenako kukwera ndege zili m'matumba a madzi ndi mpweya. Pa ndege mumalipira kulemera, ndipo cholemeracho ndi madzi. Kwinanso kudakali anthu amene amagwira nsombazi pozikomola ndi poizoni wa cyanide ngakhale malamulo amaletsa. Nsomba yotero imatha kufika ikuoneka bwinobwino, n'kudzafa patapita masiku ili m'manja mwanu kapena mwa kasitomala.

Tiwerengere. Mwaoda nsomba 20 ndipo mukufuna kugulitsa iliyonse pa mtengo wowirikiza kawiri. Zikafa zisanu, theka la phindu lapita. Zikafa khumi, mwangobweza ndalama yoodera, ya ndege, mchere ndi magetsi yatuluka m'thumba lanu. Chiwongola dzanja cha ngongole sichiima chifukwa choti nsomba zafa. Ndipo nsomba yodula siichoka msanga, imakhala m'thanki mwanu masabata ikudya, ikudikira munthu amene ali kale ndi thanki yamchere yokhazikika. Anthu oterewa alipo angati pakati pa makasitomala anu? Awerengeni ndi maina, osati mongoganiza.

Gwero la katundu nalo likhoza kutsekedwa ndi lamulo la dziko lakutali inu osadziwa kanthu. Mu 2018 dziko la Indonesia linaimitsa kutumiza makorali kunja, ndipo zinatenga mpaka kumayambiriro kwa 2020 kuti malondawo ayambirenso. Mu 2021 khothi ku Hawaii linaimitsa kugwira nsomba zokongoletsa zogulitsa, ndipo mtengo wa yellow tang, nsomba yachikasu imene yambiri inkachokera kumeneko, unakwera kowirikiza. Makorali olimba ali pansi pa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa pakati pa mayiko, chimodzimodzi seahorse, kansomba ka mutu ngati wa kavalo, kuyambira 2004, kutanthauza kuti kuwadutsitsa m'malire kumafuna zilolezo. Katundu wamoyo akagwidwa pabwalo la ndege chifukwa cha pepala losowa, sadikira kuti mulipeze.

Mwina mukuti mudzaswetsa nokha monga mumachitira ndi maguppy. Clownfish imaswa ndithu m'thanki, ndipo ndi imodzi mwa zochepa zimene zimawetedwa mochuluka. Koma ana ake akaswa amakhala aang'ono moti amangodya tizamoyo totchedwa rotifer, tomwe muyenera kuweta padera, tomwenso timadya ndere zina zimene muyenera kulima kapena kugula. Ndiye kuti mwatsegula ulimi utatu kuti mupeze katundu mmodzi.

Ngati mtima ukukokabe, lowani ndi mwendo umodzi. Yambani ndi katundu wosafa: mchere, chakudya, zoyezera madzi, masefa. Eni mathanki amchere amagula zimenezi mwezi ndi mwezi, ndipo kudzera mwa iwo mudzadziwa kukula kwenikweni kwa msikawo. Nsomba muziitanitsa pokhapokha kasitomala wapereka ndalama ya chikole, mutagwirizana kuti ikafa panjira watayapo ndani. Ikaninso thanki imodzi yamchere yanuyanu, ndi ndalama ya phindu, muiyendetse chaka chathunthu musanalangize munthu aliyense.

"Ndalama ndili nazo zochepa. Ndikayamba ndi kathanki kamchere ka malita 20 si ndiye kuti ndaphunzira motchipa?"

Achimwene, kotchipa pogula, kodula pophunzira. M'madzi ochepa chilichonse chimasintha msanga. Lita imodzi ikauluka m'malita 20, ndiye 5 peresenti ya madzi onse, pomwe m'malita 200 ndi theka la peresenti. Kansomba kamodzi kakafera kuseri kwa mwala, amoniya amadzaza kathanki konse usiku umodzi. Timathanki tating'ono tamchere timayenda bwino m'manja mwa odziwa kale. Ndalama yomweyo gulirani thanki ya madzi opanda mchere ya malita 80 kapena 100, muphunzirirepo kuyeza madzi, kusadyetsa mopitirira ndi kusintha madzi sabata iliyonse osajomba. Luso limeneli mudzapita nalo ku yamchere, ndipo galasi, hita ndi zoyezera zina mudzazigwiritsabe ntchito.

"Ndine mnyamata wodziwa kusamalira mathanki. Ofesi ina ikufuna ndiziwasamalira thanki yamchere ndipo akuti nditchule mtengo wa pamwezi. Ndimasamalira kale mathanki wamba atatu. Ndingowatchulira mtengo womwewo?"

Ayi mphwanga, mudzagwira ntchito yaulere. Mwa onse amene alemba sabata ino, inu ndi amene muli pa bizinesi yabwino, chifukwa mukugulitsa luso ndi nthawi, osati katundu amene angafe ali wanu. Koma mtengo muumange kuchokera pansi.

Thanki wamba mungaiyendere kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri: kupukuta galasi, kukoka zinyalala pansi ndi payipi, kusintha madzi, kutsuka sefa. Yamchere ili ndi ntchito imene imayamba musanafike. Madzi atsopano mumasefa ndi RO, kusungunuliramo mchere, kuwasiya akuzungulira ndi pampu maola angapo kapena usiku wonse, kuyeza mchere ndi kachipangizo kotchedwa refractometer, kenako kuwanyamula m'zigubu. Malita 20 ndi makilogalamu 20 ndi kanthu, ndipo ngati ofesiyo ili m'mwamba mudzawamva. Mukafika pali kukhuthula kakapu ka skimmer, kamene kamadzaza madzi abulauni onunkha, kuyeza madzi, kuchotsa mchere wouma m'mbali, kuona ngati mapampu onse akuzungulira. Werengani maola onsewa, a kunyumba ndi a ku ofesi, muphatikize mayendedwe, mchere, masefa a RO ndi mankhwala oyezera, kenako muikepo phindu lanu. Zogula zikuluzikulu monga nyale kapena pampu yopsa zikhale za eni ake, pa lisiti yapadera.

Valaninso magolovesi. Nsomba ya lionfish ili ndi minga yaululu, ndipo makorali ena ofewa a mtundu wa Palythoa ali ndi poizoni woopsa amene amalowa pabala kapena m'maso. Musawakweche ndi burashi kapena kuthira madzi otentha pa mwala umene amerapo.

Chachikulu ndi pepala la mgwirizano, musayambe ntchito musanasainirane. Inu mumabwera ola limodzi kapena awiri pa sabata, maola ena onse thankiyo ili m'manja mwa anthu ena. Wokolopa amazula pulagi ya pampu kuti alumikize makina ake n'kuiwala kubwezera. Wina amapopera mankhwala a udzudzu kapena onunkhiritsa pafupi ndi thanki. Aliyense wodutsa amathiramo chakudya chifukwa nsomba zikuoneka zanjala. Nsomba zikafa, onse adzaloza inu. Choncho mulembe kuti wodyetsa ndi mmodzi ndipo chakudya mudzamuyezera inu m'timapaketi ta tsiku lililonse, kuti magetsi akathima waudindo wa batire kapena jenereta ndi ndani, kuti kuitanidwa mwadzidzidzi usiku kapena Lamlungu kuli ndi mtengo wake, ndiponso kuti simulipira nsomba yofa pokhapokha zitaoneka kuti cholakwa n'chanu. Pafupi ndi thankiyo pakhale kabuku. Ulendo uliwonse lembanimo tsiku, mlingo wa mchere, kutentha, pH ndi nitrate, wa mu ofesimo asainire. Ndipo musanavomere, pemphani kuti muyeze madziwo ndi kuona nsomba zonse kaye, zotsatira zake zilembedwe pa tsamba loyamba, kuti matenda amene mwawapeza kale asadzawerengedwe ngati anu.